Axio, Belta kapena Latio: zonse ndakwera nazo zitunda za ku Dedza

Mwezi uno wokha anthu atatu andiimbira foni ndi funso limodzi: kagalimoto kosamwa mafuta agule kati? Womaliza anali alamu anga a ku Bembeke, amene agulitsa mbatatesi ndipo ndalama zikuwayabwa m'thumba. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa wina ndizingomulozera pano. Ndikamba za zitatu zimene ndagwirapo chiwongolero chake: Nissan Tiida Latio imene ndinali nayo, Toyota Belta ya achimwene imene ndinabwereka miyezi inayi Latio itagona, ndi Toyota Corolla Axio ya 2010 imene ndikuyendera lero.

Za wailesi yolankhula Chijapanizi ndi magalasi otsika okha sindinena, zonse zili nazo.

Belta ili ndi mainjini awiri, ya 1.0 ya masilinda atatu ndi ya 1.3 ya masilinda anayi. Ambiri amathamangira ya 1.0 poti amva kuti mafuta imangonyambita. M'tauni ya Lilongwe ndi zoona. Koma kuno ndi kumapiri. Tsikani ku Golomoti kudzera pa Masasa, pobwera mukhale anthu anayi ndi thumba la mpunga m'buti, mumve kainjiniko kakulira ngati chigayo cha dizilo. Phazi limakhala pansi njira yonse, ndipo petulo amene mumati mwapulumutsa sabata yonse amathera pamakona amenewo. Ya achimwene inali yotero, ndinafika pa M1 nditatuluka thukuta ngati ndimakankha ndine. Ya 1.3 ndi yabwinoko kwambiri. Mudziwenso kuti ku Japan anasiya kugulitsa Belta mu 2012, choncho iliyonse imene akukuonetsani yadutsa kale zaka khumi, kaya ikuwala bwanji.

Latio ndiyo inandiliza, ndipo apa ndichedwapo.

Ndisayinamizire: pa zitatuzi, yokoma kukhalamo ndi imeneyi. Mipando yake ndi yofewa, kumbuyo munthu wamtali amatambasula miyendo, injini ya 1.5 imakwera Linthipe mosadandaula, ndipo pogula inali yotchipa kuposa Axio. Mayi a kunyumba ankaikonda kuposa ine.

Nkhani ili pa giyabokosi. Yanga inali CVT. Mtundu umenewu ulibe magiya a mano osinthasintha monga tinazolowera. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amafutukuka ndi kupanikizana, n'chifukwa chake galimoto imathamanga osamva kugwedeza ndipo mafuta imamwa pang'ono. Lamba ameneyu moyo wake ndi oyilo. Ya Latio imafuna oyilo wake wotchedwa NS-2, wobiriwira. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Nditapita ku sevisi pagalaja ina, amakaniko anati, "Bwana, tisinthenso wa giyabokosi, wada." Ndinavomera, n'kupita kukadya chipisi. Iwo anathira oyilo wofiira wa automatic wamba, amene amathira m'ma Corolla akale.

Sabata zoyamba panalibe chodandaula. Kenako ponyamuka inayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Tsiku lina ndikuchokera ku Lilongwe, pachitunda china tisanafike pa boma, injini inangokuwa, muvi wa rev uli m'mwamba, galimoto ikuyenda ngati ngolo. Tinaikoka usiku, kuzizira kwa Dedza mukukudziwa.

Apa m'pamene ndinaphunzira mtengo weniweni wa galimoto yotchipa. Pa boma sindinapeze makaniko wolimba mtima kutsegula CVT, onse ankati ndigule ina yakale. Ku Lilongwe ndinazungulira masiku awiri. Nditaipeza, wogulitsa anandiuza mtengo, ndinapita kukasonkhanitsa ndalama, ndipo ndili mkati mosonkhanitsa kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pobwerera, giyabokosi yomwe ija, ili pashelefu pomwe paja ndi fumbi lake, inali itakwera ngati yangotsika kumene m'sitima ku Dar es Salaam. Onjezanipo yokokera, yomangira, oyilo woyenera, ndi ma Sienta amene ndinkakwera popita ndi pobwera. Ndalama imene ndinapulumutsa posagula Axio poyamba inapita yonse ndi ana ake. Amakaniko aja nditawafunsa, anangoti oyilo ndi oyilo.

Mlandu si wa galimoto, ndikudziwa. Ma Latio ena ali ndi automatic wamba ya magiya anayi, ndipo amenewo eni ake sindiwamva akulira. Koma ndikaiona pamsewu mtima umandiwawabe.

Wina anena kuti Axio nayo ndi CVT. Eya, yanga ndi CVT, ndipo nayo imafuna oyilo wake wa Toyota wolembedwa CVT. Mukaithira wofiira uja idzafanso chimodzimodzi. Masiku ano ndimagula ndekha, n'kuimirira pomwepo mpaka botolo lithe. Kusiyana kuli pa injini ndi masipeya. Injini ya Axio ya 1.5, 1NZ-FE, ndi yomwe ili mu Probox, mu Fielder ndi m'ma Sienta amene amanyamula anthu pa M1 tsiku ndi tsiku. Ndiye mapulagi, koyilo, fyuluta, pampu ya madzi, mumazipeza pafupi, ndipo mnyamata aliyense wa pagalaja anaimasulapo. Ili ndi tcheni cha timing, osati lamba woti muzimuwerengera makilomita. Pa mafuta, ulendo wa Dedza kupita ku Ntcheu ndi kubwera sindiona kusiyana kwenikweni ndi Belta ya 1.0 ija, chifukwa Axio imakwera chitunda osapondedwa mpaka pansi.

Kunsi zonse zitatu n'zazifupi. Pa mabampu a m'matrading centre mudzakhula mukanyamula katundu, ndipo nthawi ya mvula misewu yafumbi ya kumidzi muyiiwale.

Pogulitsa, Axio simugona nayo. Latio yanga, ngakhale itakonzedwa, inakhala miyezi pabwalo anthu akungoigogoda matayala.

Pali Axio ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi a m'batire, imene inayamba mu 2013. Pamizere ya mafuta ija, tikugona pa filling station, eni ake ndinkawasirira. Koma batire yake ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo imazizira ndi mpweya wokokedwa ndi kafani. Fumbi lathuli likatseka, batire imatentha. Wokhala pa boma woyenda pa tala yekhayekha aganizire. Alamu anga a ku Bembeke ayi.

Iwowo ndawauza kuti agule Axio ya 1.5, ndalama zikaperewera atenge Belta ya 1.3, ya 1.0 asaiyandikire. Akukaiona Loweruka ku Lilongwe ndipo ndipita nawo. Wogulitsa akakana kuti tiikweze chitunda tili anthu anayi injini itatentha, kapena akachita chibwibwi pofunsidwa oyilo amene anathira m'giyabokosi, tikwera Sienta kubwerera ndi ndalama zathu.