Ndodo yowedzera ya nsungwi yopangidwa pamanja: zomwe ndaona pa nyengo ziwiri

Tsiku lomwe ndinafika nayo kwathu ku Zomba, amalume anaisolola m'chubu chake, n'kuitembenuza uku ndi uku, kenako n'kuinunkhiza. "Mphwanga, iyitu ndi nsungwi," anatero. Nditavomera anafunsa mtengo. Nditawauza anakhala kaye phee, kenako n'kuloza kudimba komwe nsungwi zangoti mbwee, zomwe amadula akafuna kuluka nkhokwe. Mpaka lero akandiimbira foni amayamba ndi kufunsa ngati nsungwi ya ku Joni ija idakali moyo.

Idakali moyo, ngakhale kuti yalowako kale m'chipatala kamodzi. Ndaiwedzera nyengo ziwiri, makamaka m'timitsinje ta m'mapiri a ku Western Cape komwe ndimagwira ntchito, ndiye ndaona kuti tsopano ndingathe kunenapo kanthu. Ndi yotalika mafiti 7, omwe ndi mamita 2.1, yolumikiza pawiri, ya chingwe cha nambala 4, ndipo inabwera ndi nsonga ziwiri. Pa sikelo ya kukhitchini imalemera magalamu 104. Anandipangira bambo wina wachikulire amene amagwira ntchitoyi yekha m'galaja kunyumba kwake. Dzina lake ndisiya, poti zina zomwe ndinene m'munsimu si zoyamikira.

Kwa anzanga omwe tinakula tikuwedza matemba ndi milamba ndi nyambo ya nyongolotsi, uwedzi wa nsomba yotchedwa trout uli ndi kachitidwe kakekake. Kumbedza sikukhala nyambo yeniyeni. Kumakhala kanthu komangidwa ndi nthenga ndi ulusi kofanana ndi tizilombo tomwe timagwera pamadzi, komwe amakatcha fly. Kanthuka n'kopepuka moti simungakaponye pakokha, ndiye chomwe mumaponya ndi chingwe, chomwe chimakhala chonenepa ndi cholemera, ndipo fly amangotsatira pambuyo. Ndodo ndiye imapindika n'kukankha chingwecho. Nkhani yonse ya ndodo yabwino ndi yoipa yagona pa kupindika kumeneku.

Zingwezi zimapatsidwa manambala poyeza kulemera kwa mafiti 30 oyambirira, pafupifupi mamita 9. Cha nambala 4 chimalemera magalamu osakwana 8 pa utali umenewo. Ndodo zambiri za graphite, zopepuka za kufakitale zija zomwe zadzaza m'masitolo, zimayamba kumveka bwino m'dzanja mukatulutsa chingwe chotalika chotero. Koma pitani kumtsinje wa Elandspad kapena wa Smalblaar, kuseri kwa Huguenot Tunnel pa msewu wa N1, muone ngati mungapeze malo otulutsira mamita 9. Kumbuyo kwanu kuli zitsamba, kutsogolo kuli chimwala, ndipo nsomba ili m'kadziwe kakang'ono ngati beseni losambira, mamita anayi kuchokera pomwe mwaima. Ndodo yanga yakale ya graphite pamalo otere inkangokhala ngati mpini wa tsache. Sinkapindika, ndipo ndinkachita kuikankha ndi phewa, fly n'kugwa pamadzi kuti phava, nsomba n'kuthawa.

Ya nsungwiyi imapindika ndi kulemera kwake komwe. Ngakhale kunsonga kutatuluka chingwe cha mita imodzi ndi theka yokha, mukangoigwedeza mumaimva ikugwira ntchito mpaka m'chogwirira. Ichi ndiye chomwe ndinalipirira, ndipo pa ichi chokha sindinanamizidwe.

Ndikumbukira m'mawa wina mu October ku Elandspad. Madzi anali oyera kuti mbee, miyala ya pansi ikuoneka umodziumodzi. Pansi pa nthambi yomwe inawerama pamadzi panali trout imodzi ikungotulutsa mphuno, kutola kanthu, n'kubwerera. Ndinakwawa ndi mawondo mpaka kuseri kwa mwala. Kunsonga ndinali nditamanga RAB, fly wa nthenga zazitali uja amene Tony Biggs anayambitsa m'mitsinje yomweyi, yemwe amavuta kuponya chifukwa amakola mphepo ngati ambulera. Ndinagwedeza dzanja kamodzi kumbuyo, kudikira, kamodzi kutsogolo. Chingwe chinatambasuka pang'onopang'ono ngati munthu akuyala chitenje, n'kulowa pansi pa nthambi ija, RAB n'kutera osachita phokoso. Nsomba inakwera mosapupuluma n'kutsegula kukamwa. Inali ya masentimita 25 okha, koma ndodo inapindika mpaka pakati, ndipo kugwedeza mutu kwake kulikonse ndinkakumva m'chikhatho. Kachingwe ka kumapeto kanali kopyapyala kuposa ulusi wosokera, koma sikanaduke, chifukwa nsungwi imamwa mphamvu ya nsomba ikamadzuka mwadzidzidzi. Ndinaimasula ili m'madzi momwemo. M'mitsinje yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe la owedza la Cape Piscatorial Society nsomba umaibweza, ndipo mbedza zake zimakhala zopanda kamnga kobwerera m'mbuyo kaja. Amalume nditawafotokozera zobweza nsombazi anangopukusa mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komabe masabata oyambirira ndinkaida. Dzanja linazolowera changu cha graphite, ndiye ndinkabweza ndodo kutsogolo chingwe chisanawongoke kumbuyo, zotsatira zake mfundo zokhazokha ndi fly wokola pachipewa. Nditadandaula, mkulu wopanga ndodo uja anangoti ndiwerenge "wani, thuu" chamumtima ndisanabweze dzanja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinanditengera maulendo anayi kapena asanu kuti thupi livomere.

Za nsungwiyo amalume ankanena zoona mbali imodzi yokha. Si ya kudimba kwathu ayi. Ndi mtundu wotchedwa Tonkin, womwe umalimidwa m'mapiri a m'mbali mwa mtsinje wa Sui m'chigawo cha Guangdong ku China. Ubwino wake ndi wakuti pansi pa khungu pali mitsitsi yolimba yothithikana kwambiri, ndipo mfundo zake n'zotalikirana. Nditapita kukatenga ndodoyi wopangayo anandionetsa mmene amachitira. Amang'amba nsungwi m'litali kukhala timizere, n'kuwongola mfundo ndi moto, n'kuwotcha timizereto mu uvuni kuti chinyezi chichoke. Kenako kamzere kalikonse amakagoneka mu ngalande ya chitsulo n'kumakapala ndi puleni mpaka kakhale ka ngodya zitatu, konenepa kumunsi, kowonda kunsonga. Timizere 6 totere akatimata ndi guluu timapanga ndodo ya mbali 6 ngati pensulo. Kamzere ka kunsonga kwenikweni n'kowonda kuposa kamtengo ka machesi, ndipo nditakagwira ndinaopa kupuma. Mfundo amazisemphanitsa kuti pasakhale ziwiri zogundizana malo amodzi, poti pamfundo ndi pomwe nsungwi imafooka. Mukayang'anitsitsa ndodo yanga padzuwa simuona mzere wa guluu ngakhale umodzi, ndipo pamenepa ndiye ndinadziwa kuti munthuyu ntchito yake amaidziwa.

Luso limeneli si lachilendo. Hiram Leonard ankapanga ndodo za timizere 6 ku Maine ku America m'zaka za m'ma 1870, ndipo kampani ya Hardy ya ku Alnwick ku England inatchuka ndi zake zotchedwa Palakona. Zinayamba kusowa America italetsa malonda ndi China mu 1950, nsungwi ya Tonkin n'kusiya kufika kwa opanga ndodo, pomwe fibreglass inali itayamba kale kulowa pamsika. Graphite itabwera m'zaka za m'ma 1970 anatsala ndi anthu ochepa okakamira ngati mkulu wangayu.

Tsopano zodandaula. Choyamba ndi nthawi. Anandiuza miyezi inayi, ndinalipira theka, ndodo inatuluka patatha miyezi isanu ndi inayi. Kuchedwako sikunandipweteke kwenikweni, munthu mmodzi ndi manja awiri, koma kukhala chete. Uthenga wa pa WhatsApp unkatha masabata awiri osayankhidwa, mpaka mayi a kunyumba anayamba kundifunsa kuti, "Abambo, kodi simunaberedwe apa?" Mawu awiri okha akanandikhazika mtima pansi.

Chachiwiri ndi pomangira reel, kagudumu kokulungira chingwe. Ndodoyi ili ndi kamphete kongokankha, kopanda mazinga. N'kokongola, n'kopepuka, koma sikankagwira bwino phazi la reel yanga. Tsiku lina ku Smalblaar ndikuponya ndinangomva kuti chubwi, reel ili pansi pa dziwe, chingwe chikusomphoka. Ndinalowa m'madzi ozizira mpaka m'chiuno. Pano ndimaika kachidutswa ka chubu cha njinga pansi pa phazilo ndipo vuto linatha, koma chinthu cha mtengo wotere sichiyenera kudalira chubu cha njinga. Ngati mukuitanitsa yanu, tengani reel yanu mupite nayo kuti akayezeretu. Palinso kadontho ka vanishi komwe kanauma pafupi ndi kamphete kachitatu kodutsa chingwe. Sikasokoneza kanthu, koma diso langa limapita pomwepo nthawi zonse.

Chachitatu si cholakwa cha wopanga, ndi chibadwa cha ndodoyo. Imadana ndi mphepo. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija ikayamba kuwomba m'zigwa za ku Cape, chingwe chomwe chimatambasuka mwaulemu chija chimangobwerera kumaso kwanu. Masiku otero ndimatenga ya graphite. Imalemeranso. Magalamu 40 owonjezera pa kulemera kwa ya graphite amaoneka ngati si kanthu m'mawa, koma pofika 4 koloko mkono umakhala ukudziwa. Ndipo pamadzi aakulu ilibe ntchito. Ndinaiyesa padamu la Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo nditapitirira mamita 12 kapena 13 ndinkangomva kuti ndikuizunza.

Ulendo wa ku Zomba womwewo ndi umene unaipititsa kuchipatala, ndipo mlandu ndi wanga. Ndinkafunitsitsa kuiwedzera mumtsinje wa Mulunguzi chakumtunda, kufupi ndi Williams Falls. Trout anabwera nazo ndi atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Zomba, ku Mulanje, kenako ku Nyika, chifukwa ndi nsomba ya madzi ozizira yochokera kumadzulo kwa North America ndipo kuchigwa singakhale. Ndili mwana ndinkaona azungu akukwera phiri ndi ndodo zawo ife tikutsika ndi mitolo ya nkhuni, ndiye panali kangongole kena komwe ndinkafuna kubweza. Kamtsinjeko kamayenerana ndi ndodoyi ngati anachita kuyeza. Nsomba zokha ndiye zinali zosowa. Masiku awiri ndinaona imodzi, ndipo nayo inandiona poyamba. Unali mwezi wa December, mvula ikugwa madzulo aliwonse, nkhungu ili tolo. Ndinatopa, ndodo ndinaiimika pakhonde yolumikiza, yonyowa, usiku wonse. M'mawa zitsulo zolumikizira zija, zomwe amati ferrule, zinali zitagwirana kuti gwa. Ndinachita zomwe aliyense amachita ndi botolo lokana kutseguka: ndinapotoza. Inatseguka, koma kuyambira pamenepo ndikaponya ndinkamva kuti te, te, pakati pa ndodo. Ndinali nditasula guluu wogwira chitsulo ku nsungwi. Nsonga nayo inali itapindikira mbali imodzi chifukwa chotsamira khoma ili yonyowa.

Safunsa anadya phula. Njira yake, yomwe anandiphunzitsa pambuyo pake, ndi kuika ndodo kuseri kwa mawondo, dzanja lina uku lina uku, n'kutambasula miyendo pang'onopang'ono kuti isoloke mowongoka. Ikakanabe, kuziziritsa chitsulocho ndi ayisi. Kupotoza ayi.

Apa ndiye mkulu uja anadziwombola. Sanandinyoze, sanandilipiritse. Anamatanso chitsulo, nsonga anaiwongola ndi moto wochepa, n'kundibwezera pasanathe masabata atatu. Pa nthawi yodikirayo ndikanatha kuwedza ndi nsonga yachiwiri chikanakhala kuti vuto linali kunsonga kokha. Ndiye ubwino wa nsonga ziwiri, ndipo musalole kuchotsera mtengo posiya imodzi. Mumazisinthanitsa, lero iyi mawa inayo, kuti isatope imodzi. Chinanso, nsungwi imakonzeka. Mnzanga anaponda yake, wopanga anaimata n'kuikulunga ndi ulusi wa silika, ndipo akuwedzerabe. Graphite ikathyoka mumangoitanitsa chidutswa china, ngati chikupezekabe.

Chisamaliro chake ndi cha tsiku ndi tsiku. Ndikafika kunyumba ndimaipukuta, n'kuisiya kunja kwa chubu usiku wonse kuti iume, thumba lake la nsalu nalonso padera. Zitsulo ndimazipukuta ndi kansalu koyera, mafuta sindipaka. M'galimoto yotseka padzuwa siikhala. Nsomba ikakhala yamphamvu ndimatembenuza ndodo kuti isapindikire mbali imodzi nthawi yonse, ndipo fly akakola mumtengo ndimakoka chingwe ndi dzanja, osati ndi nsonga. Ngati ndinu munthu woponya zida kumbuyo kwa bakkie mukaweruka, ndalama zanu zisungeni.

Mtengo wake ukanandigulira ndodo zitatu zabwino za graphite. Kwa amene akuyamba kumene ndinganene kuti ayi, gulani yotchipa, muthyole, muphunzire. Chimodzimodzi kwa owedza m'madamu a ku Chelinda kapena malo ena otambalala. Ngati mukukayika, ya fibreglass yaifupi imakupatsani kufewa kofananako pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo siisamala za mvula. Koma ngati mwatha zaka mukukwawa m'timitsinje toti mungathe kutidumpha, ndipo nsomba zanu zambiri mumazigwira pa mtunda wosakwana mamita 8, palibe ndodo ina yomwe ndagwirapo yoposa iyi pa ntchito imeneyo. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha kamphete ka reel ndi mauthenga osayankhidwa aja.

Mitsinje ya ku Cape imatsekedwa kuyambira June mpaka kumapeto kwa August kuti nsomba ziswane, ndiye pano ndodo ili m'chubu, choimika kuseri kwa wadirobu. Amalume anditumizira uthenga kuti andidulira nsungwi ziwiri zowongoka bwino ndipo aziyanika pa denga la khola, kuti ndikadzabwera ndidzatengere mkulu uja aone ngati za ku Zomba sizingagwire ntchito. Ndamuuza, ndipo wati ndibwere nazo.