J37, RC-20 ndi Chow Tape Model: ndi iti imene imabweretsa kamvekedwe ka kale?

Oimba amene amabwera m'masitudiyo athu a ku Ndirande, Chilomoni ndi Bangwe amakonda kupempha kuti nyimbo yawo imveke ngati zakale, koma sitiwafunsa kuti zakale zake ndi ziti. Zimene khutu la munthu wa mu Blantyre linazolowera ndi tepi ya mu situdiyo za MBC ku Chichiri, kumene bandi yonse inkajambula pamodzi, ndiponso makaseti a mumsika wa Limbe amene ankalira m'maminibasi mpaka kutheratu. Ma plugin atatuwa, omwe ndi timapulogalamu ta pa kompyuta tosintha kamvekedwe ka nyimbo, ndawayeza ndi muyeso umenewo.

J37 ya kampani ya Waves inapangidwa potengera makina a Studer J37, ojambula mizere inayi, amene ankagwira ntchito ku situdiyo ya Abbey Road mu London m'zaka za m'ma 1960. Imakupatsani mitundu itatu ya tepi ya EMI, 888, 811 ndi 815, komanso liwiro la mainchesi 7.5 kapena 15 pa sekondi. Mukaiika pa nyimbo yonse imamanga ng'oma ndi besi kukhala chinthu chimodzi, ndipo imafewetsa kuthwa kwa kiyibodi, zomwe zimakomera kwambiri nyimbo za kwaya. Komabe ukale wake ndi wa situdiyo yolemera ya ku Ulaya, waukhondo kuposa umene ife tinakula nawo.

RC-20 Retro Color ya XLN Audio sitengera makina amodzi. Ili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, zina zothira phokoso, zina zogwedeza mawu kapena kuwaphwanya, ndipo zonse zimakwezedwa ndi kutsitsidwa pamodzi ndi chokokera chimodzi. Imafulumira, ndipo imathandiza pamene woimba wakhala pambali panu akuwerenga maola amene walipira. Vuto lake n'lakuti opanga nyimbo ambiri amangotenga makonzedwe obwera nayo, moti omvera atcheru amaizindikira msanga.

Ine mtima wanga uli pa Chow Tape Model, ndipo sindikutero chifukwa chakuti ndi yaulere chabe. Jatin Chowdhury anaiyamba pophunzira makina a Sony TC-260, omwe anali a m'nyumba osati a situdiyo yaikulu, ndipo imawerengera mmene maginito amagwirira pa tepi m'malo mongophimba mawu ndi phokoso. Kaseti imayenda mainchesi osakwana awiri pa sekondi, n'chifukwa chake mawu akuthwa amazilala ndipo gitala imamveka ngati ikuyandama pang'ono. Mu Chow mungatsitse liwiro kufika pamenepo, n'kuwonjezera wow ndi flutter (kugwedezeka kwa mawu kobwera chifukwa cha kusakhazikika kwa liwiro la tepi), kenaka n'kutsegula gawo lotchedwa Chew, limene limatsanzira tepi yotafunidwa ndi wailesi, ija tinkaibweza ndi bolopeni. Pa gitala ya kwela kapena banjo, palibe mwa ziwiri zinazo imene imafika pafupi chotero. Tsono imafuna kuleza mtima, chifukwa makonzedwe ake ndi ambiri, ndipo mukakweza oversampling (yomwe imayeretsa mawu koma imalemetsa kompyuta) pa laputopu yakale, pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio imayamba kudukiza. Njira yabwino ndi kuiika pa mzere umodzi, kusunga mawuwo ngati fayilo, n'kuichotsa.

Nkhani ya ndalama nayo siyochepa. J37 ndi RC-20 zimagulidwa pa intaneti ndi ndalama zakunja, ndipo aliyense amene wayesapo kulipira ndi khadi masiku ano akudziwa mmene zimavutira. Kwa Waves pali china choyenera kuchidziwa: chaka choyamba chikatha, zokonzedwa zatsopano zimalipiridwa padera, ndipo mu 2023 kampaniyi inalengeza kuti izingobwereketsa ma plugin ake pamwezi, kenaka inabweza ganizolo anthu atadandaula. Amene akufuna kuthetheka kwa mbale za galamafoni kokha asawononge ndalama, popeza iZotope Vinyl, yomwe inatuluka mu 2001, imachita zimenezo kwaulere.

Panopa J37 ndimaisungira makwaya ndi mabandi, RC-20 ndimaitsegula nthawi ikachepa, koma woimba akatchula makaseti a bambo ake ndimayamba ndi Chow.