Kuyamwa kwa make kapena kumwa m'ndowa: njira iti pa thole la ng'ombe yanyama?

Alimi anzanga ambiri amayesa kuti thole lomwetsedwa m'ndowa limakula bwino chifukwa mwini wake amadziwa mlingo wa mkaka, koma pa khola laling'ono la ng'ombe zanyama, makamaka zathu za Malawi Zebu, ine ndimaona kuti make ndiye amalera bwino koposa.

Njira zonsezi zimayambira pamodzi. Thole liyenera kumwa mkaka woyamba wachikasu uja m'maola 6 oyambirira, popeza pakatha maola 24 matumbo ake salandiranso chitetezo chomwe chili m'mkakamo, ndipo mchombo upakidwe ayodini.

Thole loyamwa limapeza mkaka wofunda, waukhondo, pang'onopang'ono usana wonse, motero silitsekula m'mimba kawirikawiri. Limaphunzira kudya msipu poonera make, ndipo mukhoza kuliletsa kuyamwa likafika miyezi 6 mpaka 8. Vuto lake ndi lakuti limakula lamantha. Ngati simuligwira, kulisisita pakhosi ndi kulizoloweza chingwe likadali la masabata ochepa, mudzavutika nalo pa tsiku lolipopera mankhwala a nkhupakupa.

Ndowa imafuna zambiri. Mkaka wa tsiku limodzi ukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thole, ugawidwe m'mawa ndi madzulo, ukhale wofunda ngati wongokamidwa kumene, ndipo ndowayo itsukidwe nthawi iliyonse. Polizoloweza mumaviika zala ziwiri m'mkaka, thole n'kumaziyamwa, inu n'kumatsitsa dzanja pang'onopang'ono mpaka mlomo wake utakhudza mkaka. Lotere limakhala lofatsa ndipo limakutsatirani ngakhale popanda chingwe, koma likakhala lamphongo lifulidwe msanga, chifukwa nkhunzi yoleredwa m'manja siopa munthu ndipo ikakula imatha kumuvulaza. Tikumbukirenso kuti ng'ombe zambiri za Zebu sizitsitsa mkaka mwana wake akakhala kutali, choncho mkaka wa m'ndowawo mwina muchita kugula, ndipo ndalama yake imadya phindu la nyama.

Amene akufunako mkaka wapakhomo angathe kupatula thole usiku, m'mawa n'kulilola liyamwe pang'ono, iwo n'kukama mawere awiri okha, enawo n'kulisiyira. Kugwiridwa tsiku ndi tsiku kumeneku kumalifatsitsanso, maka mukamaliikira madeya ochepa ndi madzi abwino m'kakhola kake kouma. Ndowa isungidwire thole lamasiye kapena lomwe make walikana, ndipo pamenepo yambani mwafunsa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.