Chinkuzamawu cha gulu: chaching'ono chojambula mawu kapena chachikulu chapaphewa?

Magulu ofuna kusintha zinthu sagwira ntchito mofanana, ndiye sangagule chinkuzamawu chofanana. Ena amakana zimene boma labweretsa, monga mmene Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inakanira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland komanso malamulo a malimidwe mu 1953. Ena amalimbana ndi chizolowezi cha m'mudzi momwemo, ngati ntchito ya Inkosi Kachindamoto ku Dedza yothetsa maukwati a ana, imene inayendera limodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Oyambawo amafuna mawu ofika patali pamsewu. Enawa amafuna mawu omveka bwino pabwalo la mfumu ndi pamsika, mlungu ndi mlungu, osatopa.

Kwa komiti ya amayi, gulu la achinyamata kapena kalabu ya alimi, chaching'ono chija cha chogwirira chopinda ndicho chabwino. N'chimodzimodzi chimene ogulitsa kaunjika amaitanira nacho makasitomala. Chimayendera batire imodzi yotchaja ya mtundu wotchedwa 18650, ya mavoti 3.7, ndipo sola yaing'ono ya panyumba imaidzaza. Ubwino wake weniweni ndi batani lojambulira: munthu wa mawu omveka ajambule uthenga kamodzi, chizibwereza chokha pa Lizulu kapena pa Chimbiya tsiku la msika, wonyamula osasasa mawu. Uthengawo ukhale waufupi, wotchula tsiku, malo ndi nthawi, chifukwa wodutsa ndi dengu la mbatata pamutu sayima kuti amve ndime yachiwiri. Kufooka kwake ndi mphepo. Pamalo apamtunda ngati Tsangano mawu amamwazika, ndipo mukakweza voliyumu mpaka kumapeto amangosanduka phokoso. Musakhulupirire mawatsi olembedwa pakatoni, nthawi zambiri amakhala okokomeza. Chiyeseni panja pa sitolo, mnzanu ayende masitepe 50 akuuzeni ngati akumva liwu lililonse.

Chachikulu chili ndi lamba wa paphewa ndi maikolofoni ya waya wopotana. Zambiri zimadya mabatire asanu ndi atatu a mavoti 1.5, onse pamodzi mavoti 12, ndipo apa ndi pamene thumba la gulu limabowokera. Mabatire otsika mtengo amafooka msonkhano usanathe, ndipo akagonamo masiku angapo amatuluka madzi amene amadya masipuling'i. Atulutseni mukamaliza, ndipo musasakanize akale ndi atsopano, chifukwa akalewo ndi amene amayamba kudontha. Ngati chili ndi pobayira waya wa mavoti 12, batire ya njinga yamoto m'chikwama imathetsa vutoli, bola musasemphanitse waya wofiira ndi wakuda.

Kulira kwa tswii kumene kumaboola makutu si kuwonongeka ayi. Kumachitika maikolofoni ikapita kutsogolo kwa lipenga n'kumamvanso mawu ake omwe. Wolankhula akhale kumbuyo kwa lipengalo, maikolofoni pafupi ndi pakamwa, voliyumu pakatikati. Chimene chimafadi msanga ndi waya, pamene walowera m'maikolofoni, chifukwa anthu amalandirana mokokana. Mukangogula, kulungani pamenepo ndi tepi yakuda. Chinanso ndi chinyontho: nkhungu ndi mawawa a Juni ndi Julaye ku Dedza zimachititsa dzimbiri pa switchi, choncho chizisungidwa m'pepala la pulasitiki, osati pansi m'kalasi kapena m'tchalitchi.

Chimene sitikondwera nacho pa mitundu yonse iwiri ndi batani la sailini, limene analiika moyandikana ndi lolankhulira. Pa chionetsero, sailini yolira mwangozi imabalalitsa anthu poganiza kuti zavuta, ndipo opondedwa amakhala ana ndi agogo. Limateni ndi tepi musanachoke pakhomo.

Ogula chachikulu chifukwa cha ulendo wapamsewu akumbukire kuti ndime 38 ya malamulo aakulu a dziko imapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita chionetsero mwamtendere, koma lamulo la apolisi limafuna kalata yodziwitsa bwanamkubwa pasadakhale maola osachepera 48, ina yofanana nayo kwa mkulu wa polisi wa m'deralo. Wonyamula chinkuzamawu akhale pafupi ndi wonyamula kalatayo, ndipo lipenga lizitembenuzidwira kumbuyo kawirikawiri, chifukwa a kumchira kwa mzere ndi amene samva malangizo.