Positala ya Bauhaus ya 1923: pakhoma ikukoma, koma si lithograph ayi

Positala iyi ndinaigula pa intaneti miyezi itatu yapitayo. Ndi kope la ija anajambula Joost Schmidt, adakali wophunzira, yoitanira anthu ku chionetsero cha sukulu ya zaluso ya Bauhaus mumzinda wa Weimar ku Germany mu 1923. Ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu.

Kajambulidwe kake palibe chonena. Mitundu ndi yochepa, wakuda ndi wofiira pa pepala lotuwirako, zonse zitapendekeka ngati zikugubuduka, zilembo zina zikutsata kuzungulira kwa bwalo. M'kati mwa bwalomo muli kankhope koyang'ana cham'mbali, chizindikiro cha sukuluyi chimene anakonza Oskar Schlemmer. Mlamu wanga anakhala pampando ola lathunthu asanazindikire kuti ndi nkhope. Chimene chimandiseketsa n'chakuti positalayi imati chionetsero chiyamba mu July, koma chinachedwa mpaka pa 15 August. Kani nawonso Ajeremani amaphonya tsiku.

Dandaulo langa lili pa mawu a ogulitsa. Analemba kuti ndi lithograph, ndipo ndalama ndinatulutsa chifukwa cha mawu amenewo. Lithograph yeniyeni amajambula pa mwala wosalala ndi choko cha mafuta, n'kunyowetsa mwalawo ndi madzi. Poti mafuta ndi madzi sizigwirizana, inki imamata pojambulidwa pokha. Mtundu uliwonse umafuna mwala wakewake, pepala n'kumadutsa pa makina kangapo. N'chifukwa chake amisiri a nthawi imeneyo ankaumira mitundu, ndipo wofiira wawo umakhala wodzaza bwino, wopanda mabowo. Ine nditayandikitsa kamera ya foni pa chigawo chofiira n'kukulitsa, ndinaona timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri, tina tachikasu, tina tapinki. Imeneyo ndi ntchito ya printer ya masiku ano basi. Ukaima patali sizioneka, koma wofiirawo wapita cha ku olenji, alibe ukali uja ndimauyembekezera.

Ndinawalembera ogulitsawo. Anayankha mwaulemu patatha masiku anayi kuti amatanthauza kuti yoyambirirayo ndiyo inali lithograph. Ndiye bwanji osalemba choncho pamalo pooneka? Sindinkayembekezera positala ya zaka 100 pa mtengo umenewu, koma ndimaganiza kuti mwina aisindikizanso mwa njira yakale ija.

Pepala lake ndi lokhuthala bwino, losanyezimira, ndipo zilembo zakuda zatuluka zakuthwa. Inabwera itakulungidwa m'chubu cha katoni chimene chinaphwanyika mbali imodzi, mwamwayi mkwinya unangogwira m'mphepete. Ndinaitsindika ndi mabuku masiku awiri kuti iwongoke. Felemu anandikhomera kalipentala wa pamsika, ndipo inadula kuposa positalayo. Pano ndaisamutsira khoma lina losafika dzuwa la masana, chifukwa inki yake sindikuikhulupirira.