Foni, rekoda kapena kope, mukamapita kumudzi kukachita kafukufuku

Anzanga amene mukuyamba kafukufuku wa chikhalidwe mwandifunsa kambirimbiri pa WhatsApp kuti tigule chani chojambulira macheza, ndiye ndiyankhe kamodzi pano.

Foni aliyense ali nayo ndipo mawu imagwira bwino. Vuto ndi batire, komanso wina akakuimbira pakati pa macheza kujambula kumatha kuduka. Ikani pa flight mode basi.

Rekoda ndi imene inandipweteka mtima. Ndinagula pashopu ina mtauni, wogulitsa kulumbira kuti ndi orijino. Ndinapita nayo cha ku Mitundu kukacheza ndi anamkungwi za chinamwali, ndipo mukudziwa kuti amayi amenewa sungangofika lero nkuyamba mafunso, ndinayamba ndaonekera kwa amfumu, kudikira masabata atatu, kuthandiza kutong'ola chimanga mpaka zala matuza, kenako tsiku lina agogo ena anati mwanawe bwera ukhale apa. Maola awiri akulongosola, kagetsi kofiira kakuyaka bwinobwino ine mtima uli mmalo. Kufika kunyumba ku Area 25, kulumikiza pa laputopu, fayilo ilipo koma mkati mulibe kanthu. Kushopu kuja anandiyankha kuti mwina munainyowetsa bwana. Agogo aja nditabwererako anangoseka, amvekere zija ndinakuuza kale, sunamve?

Ngakhale rekoda ikhale yabwino pali mtengo wina omwe samakuuza. Ola limodzi la mawu limakudyera maola anayi kapena asanu kuti ulilembe, kenako ulimasulire mu Chingerezi poti asupavaiza amafuna choncho. Ndinayesapo ka app kena kolemba kokha, kanandipatsa mphindi zochepa zaulere kenako kakufuna madola pa khadi, chonsecho Chichewa cha agogo a ku Mitundu kanangochisandutsa phala.

Ine ndili mbali ya kope, sindibisa. Malinowski, katswiri wa chikhalidwe cha anthu uja timamuwerenga chaka choyamba ku yunivesite, anakhala ku zilumba za Trobriand, cha ku Papua New Guinea, pakati pa 1915 ndi 1918, chida chake chachikulu chinali kukhala ndi anthu nkumalemba. Kuno kwathu komwe, kuyambira 1999 wofufuza wa ku America Susan Watkins ndi anzake ankapempha anthu akumudzi kuti azilemba mmakope zomwe amva anthu akukamba za Edzi pachitsime, pamaliro, mu minibasi, ndipo munatuluka zinthu zomwe fomu ya mafunso sikanazipeza. Chifukwa chake nchodziwika, munthu akaona kachipangizo patsogolo pake amasintha mawu, amayamba kuyankhula ngati akuyankha a bungwe, timavutika tithandizeni. Zina ndiye sujambula nkomwe. Gule wamkulu a UNESCO anamulemekeza mu 2005 koma zakudambwe sizolowa mu rekoda ya munthu, olo utanyamula chilolezo cha ku NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku) ndi fomu yosainidwa.

Kope limasunganso zomwe rekoda simva, ndani anakhala pampando ndani pamphasa, mkamwini anatuluka nthawi yanji nkhani itafika pa munda, ndani anayang'ana pansi. Polemba lipoti zimenezi ndi zomwe zimapatsa nkhani mnofu, mawu okha amauma.

Kuipa kwake kulipo. Mvula ikakupeza pa kabaza inki imayenderera, ndiye ndimalemba ndi pensulo. Miyambi ndi nyimbo mawu ake enieni amathawa msanga, apo pokha ndimapempha kuti agogo ndijambuleko, nkutulutsa foni. Ndipo usiku omwewo uyenera kukhala pansi nkulemba zonse mwatsatanetsatane, magetsi akazima tochi mkamwa, ukati mawa theka lapita.

Pano mchikwama mwanga mumakhala makope awiri a hardcover, mapensulo atatu, foni ndi power bank. Rekoda ija ili mu drowa, amene akuifuna abwere adzatenge ulere.