Masabata 6 ku Oslo: ndemanga yanga pa sukulu ya m'chilimwe ya University of Oslo

Chibwerereni kuchokera ku Norway, anzanga a ntchito ya unamwino ndi uzamba akhala akundifunsa funso limodzimodzi, lakuti maphunziro a masabata 6 okha angamuonjezere chiyani munthu amene wagwira ntchito m'chipatala kwa zaka zoposa 10. Ndakhala ndikuwayankha mwachidule pa foni ndi pa WhatsApp, koma nkhaniyi ndi yosati n'kuidula pakati, n'chifukwa chake ndaganiza zoilemba mofatsa. Ndinachita kosi ya International Community Health pa International Summer School ya University of Oslo mliri wa Covid-19 usanafike, ndipo zimene ndikufotokoza pano ndi zimene ndinakumana nazo chaka chimenecho.

Sukuluyi ndi ya kalekale. Inayamba mu 1947, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, ndipo poyambirira inkalandira ophunzira a ku America, kenako n'kudzayamba kulandira anthu a mayiko onse. Yunivesite yakeyo inakhazikitsidwa mu 1811 ndipo ndiyo yakale kuposa zonse m'dzikomo. Chaka chimene ndinapitacho maphunziro anayamba kumapeto kwa Juni n'kutha kumayambiriro kwa Ogasiti, pamene ophunzira eni ake a pa Blindern, malo aakulu a yunivesiteyi, ali pa tchuthi ndipo makalasi ali opanda anthu. Mawu akuti chilimwe asakusocheretseni: ine ndinanyamuka kuno m'kati mwa chisanu cha Juni nditavala juzi, n'kukapeza anthu kumeneko akuothera dzuwa pa kapinga, ngakhale kuti kutentha kwawoko sikungafike pa Okutobala wa ku Chikwawa.

Chinthu choyamba chimene munthu ayenera kumvetsa asanalembe fomu ndi kulemera kwa ntchito. Kosi yathu inali ya mulingo wa digiri yachiwiri ndipo inali ndi makirediti 15 a ECTS, njira ya ku Ulaya yoyezera kulemera kwa maphunziro. Ku Ulaya chaka chathunthu cha wophunzira chimakhala ndi makirediti 60, ndipo kirediti imodzi amaiwerengera maola a pakati pa 25 ndi 30, kuphatikiza kukhala m'kalasi ndi kuwerenga pawekha. Mukawerengetsera bwino mupeza kuti ntchito imene ena amaigwira kwa theka la semesita ife tinaipanikiza m'masabata 6, kutanthauza maola oposa 60 pa sabata. Ndinkadziwa chiwerengerochi ndisananyamuke, koma thupi langa linadzachimvetsa m'sabata yachiwiri, pamene ndinazindikira kuti ukangogona usanawerenge za mawa, m'kalasi umakhala ngati mlendo pa mlandu wa eni mudzi. M'mawa tinkakhala m'kalasi, masana tinkakumana m'magulu, ndipo madzulo ambiri ndinkawathera m'laibulale yaikulu ya Georg Sverdrups hus, imene ili pafupi ndi kumene tinkagona. Sindikunena izi modandaula, pakuti kupanikizikako n'kumene kumapangitsa kuti maphunziro otere akhale ndi phindu. Munthu alibe mpata woiwala zadzulo asanaphunzire zalero.

Phindu lenileni ndinalipeza chifukwa cha funso limene ndinanyamula kuchokera ku ntchito. Ife amene timagwira ntchito ku sikelo ya amayi oyembekezera tikudziwa kuti mu 2011 Malawi linayamba ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ka HIV ayambe ma ARV kwa moyo wake wonse popanda kudikira zotsatira za CD4, zosonyeza mphamvu ya chitetezo cha m'thupi. Chifukwa chake chinali chomveka: makina oyezera CD4 sankapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, ndipo amayi ankabereka ana asanalandire thandizo. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti amayi ena amalandira botolo loyamba tsiku lomwe ayezedwalo, n'kutsanzika mwaulemu, osadzaonekanso. Kwa zaka zambiri yankho langa linali lakuti amayiwo ndi osamva, ndipo ndikuvomereza kuti ndinkalinena ndi mtima wonse.

Tsiku lina mphunzitsi anatchula Malawi m'kalasi ngati dziko limene linayamba ndondomekoyi bungwe la WHO lisanailimbikitse kwa mayiko ena, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinamva kukoma mumtima, ndipo ndinafotokoza mmene timagwirira ntchito. Nditafika pa nkhani ya amayi osabwereranso ndinanena mawu anga aja, akuti ena ndi osamva. Mnzathu wina, dokotala wochokera ku South Asia, anandifunsa mwaulemu kuti ndinawafunsapo angati mwa amayi amenewo. Mphunzitsi anaonjezera mafunso ake: mayi amakhala mphindi zingati ndi mlangizi asanapatsidwe mankhwala, chipinda chopatsiramo uphungu chili ndi chitseko kapena nsalu chabe, mwamuna wake amadziwa liti, ndipo mayi amene wasamukira kwa amayi ake kukachira timamulemba kuti wathawa mankhwala kapena timafufuza ngati akulandira ku chipatala china. Ndinalibe yankho ngakhale limodzi lochokera mu kaundula wathu, ngakhale kuti kaundulayo ndimamulemba ndi dzanja langa tsiku ndi tsiku. Usiku umenewo sindinagone bwino.

Funso limenelo ndi limene linadzakhala ntchito ya gulu lathu. Tinali anthu ochokera m'makontinenti atatu, ndipo tinaphunzira kulemba dongosolo la kafukufuku wamng'ono kuyambira pa chiyambi: kufotokoza vuto popanda kuweruziratu, kusiyanitsa chimene manambala angakuuze ndi chimene uyenera kukamva pakamwa pa munthu, kusankha anthu oti uwafunse, ndi kuganizira za chilolezo chawo ndi chinsinsi chawo. Tinakambirananso mfundo za msonkhano wa ku Alma-Ata wa mu 1978, umene unatsindika kuti thandizo la zaumoyo liyambire kumudzi ndipo anthu eni ake atengepo mbali. Mfundozi ndinaziloweza kale ku koleji kuti ndikhoze mayeso, koma ku Oslo n'kumene ndinaona kuti alangizi a zaumoyo athu a m'midzi, amene nthawi zambiri timangowatuma kukapereka uthenga, ndiwo amadziwa kumene mayi aliyense wosowayo ali. Ndinachitanso chidwi kumva kuti ku Norway nakonso ali ndi sikelo ya ana, imene amaitcha helsestasjon, kumene makanda amayezedwa kulemera ndi kulandira katemera monga kwathu kuno, kusiyana kwake kuli pa nthawi imene namwino amakhala ndi mayi mmodzi.

Aphunzitsi ndiwayamikire mwapadera. Ku Norway pulofesa amaitanidwa ndi dzina lake loyamba, ndipo kwa ine amene ndinaleredwa kunena kuti abwana kapena adokotala, sabata yoyamba lilime linkakana. Koma ndinadzaona kuti kufupika kumeneko kuli ndi ntchito yake, chifukwa wophunzira amatha kutsutsa mphunzitsi poyera popanda wina kuona ngati ndi chipongwe, bola abwere ndi umboni. Pa nkhani yokopera ntchito ya wina popanda kutchula mwini wake salekerera ngakhale pang'ono, ndipo amene sanazolowere kalembedwe kosonyeza kumene watenga mfundo iliyonse ayambe kuyeserera asananyamuke. Kumapeto kunali mayeso, ndipo magiredi awo amayambira pa A mpaka F.

Tinkagona ku Blindern Studenterhjem, nyumba zakale zokongola zimene zili mphindi zochepa kuchokera ku makalasi, awiriawiri m'chipinda, ndipo chakudya tinkadyera pamodzi m'holo. Malowo anali aukhondo ndi abata. Chimene chinandivuta si nyumba ayi koma thambo. Oslo ili kumpoto kwambiri moti kumapeto kwa Juni dzuwa limalowa itadutsa 10 koloko usiku n'kutulukanso cha m'ma 4 koloko m'mawa, ndipo pakati pakepo mdima weniweni sugwa. Munthu wozolowera kuti 6 koloko kwada amapezeka akuwerengabe pakati pa usiku akuganiza kuti kudakali madzulo. Nyamulani kansalu kophimba m'maso pogona, ndipo muzimvera wotchi kuposa zenera. Za chakudya, anthu a kumeneko amakonda buledi, tchizi, nsomba ndi mbatatesi, ndipo ali ndi tchizi china chofiirira chotsekemera chimene amachitcha brunost, chimene ndinachikana masiku oyamba koma pomaliza ndinagula chobwera nacho kunyumba. Nsima ndinaidya kamodzi kokha, kwa banja lina la Amalawi limene linandiitana Lamlungu, ndipo tsiku limenelo sindidzaliiwala.

Mzinda wa Oslo ndi wodula kwambiri, ndipo izi ndikuzinena motsindika kwa aliyense amene akuganiza zodzilipirira. Khofi mmodzi m'tauni mtengo wake ukausintha kukhala makwacha umasiya kumwa, choncho amene malo ogona ndi chakudya zalipiridwa kale azidya kumene kwalipiridwako, ndipo anyamule sopo, mafuta odzola ndi mankhwala ake kuchokera kuno. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ndiye botolo limodzi likukwanirani ulendo wonse. Pafupifupi paliponse amalipira ndi khadi, kotero onetsetsani ku banki yanu kuti khadi lanu likagwira ntchito kunja. Mpumulo wabwino koposa unali kukwera sitima ya mumzinda yotchedwa T-bane mpaka kumapeto kwa njanji ku Sognsvann ndi kuyenda mozungulira nyanja yaing'onoyo mutu ukalema.

Panalinso zochitika za kunja kwa kalasi. Mwambo wotsegulira unachitikira mu holo yakale ya yunivesite pakati pa tauni, imene makoma ake ali ndi zojambula za Edvard Munch, katswiri wojambula wa ku Norway, ndipo tinalandiridwanso ku City Hall, komwe mphoto ya mtendere ya Nobel imaperekedwa pa 10 Disembala chaka chilichonse. Kunali ulendo wa kumapeto kwa sabata wokaona dziko, komanso usiku wa zikhalidwe umene dziko lililonse limaonetsa zakwawo. Musaiwale chitenje ndi kambendera.

Pa nthawi yanga mafomu ankatsekedwa kumayambiriro kwa chaka, miyezi ingapo maphunziro asanayambe, ndipo ankafuna masatifiketi, umboni woti mumadziwa Chingerezi ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira kosiyo. Ine ndinapita ndi thandizo la ndalama, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene chinandithandiza ndi chakuti m'kalatamo ndinalemba za vuto lenileni la ku sikelo kwathu m'malo molemba mawu okometsera. Visa ya Schengen imalola masiku osapitirira 90, choncho masabata 6 amakwana bwino, koma yambani msanga kusonkhanitsa mapepala, kuphatikizapo inshuwalansi ya paulendo. Dandaulo langa lalikulu pa ulendo wonsewu ndi la kampani ina yogulitsa matikiti imene inandipatsa nthawi yochepa kwambiri yosinthira ndege, moti ine ndinafika pa bwalo la ndege la ku Oslo la Gardermoen koma chikwama changa chinatsalira m'njira kwa masiku atatu. Mwambo wotsegulira ndinapitako ndi zovala zobwereka kwa mnzanga wa m'chipinda. Ikani zovala za masiku awiri ndi mapepala anu onse m'kachikwama ka m'manja.

Tsono kodi ndikulimbikitsa ndani kupita? Amene akufuna pepala loti akwezedwe nalo pa ntchito adziwe kuti kosi ya masabata 6 si digiri, ndipo ine malipiro anga sanasinthe ngakhale tambala imodzi, ngakhale kuti makirediti ake angathandize pofunsira malo a digiri yachiwiri. Amene akufuna kukapuma ndi kujambulitsa zithunzi akavutika, ndipo akavutitsanso anzake a m'gulu amene ayenera kumusenzera ntchito. Koma namwino, mzamba, mlangizi wa zaumoyo kapena wogwira ntchito m'bungwe amene ali ndi vuto limene lakhala likumuzunguza mutu kwa zaka, ndikumuuza ndi mtima wonse kuti alembe fomu, ndipo asananyamuke akhale pansi ndi kaundula wa ku ntchito kwake kuti akapite akudziwa manambala ake, zimene ine sindinachite.

Nditabwerera ndinapeza ntchito itaunjikana, ndipo panapita miyezi iwiri ndisanachite kanthu pa zimene ndinaphunzira. Kenako ndinakhala pansi ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, tinatenga mayina a amayi amene tinawalemba kuti anasiya mankhwala, ndipo tinayamba kuwafufuza mmodzimmodzi mwachinsinsi. Ena tinawapeza akulandira mankhwala ku chipatala cha kwawo kumene anapita kukachira. Ena anatiuza kuti ankaopa kuti amuna awo akapeza botolo m'nyumba. Mmodzi anandiuza kuti tsiku loyamba lija sanamve chilichonse chimene ndinamuuza, chifukwa kuseri kwa nsalu kunali mlamu wake amene ankadikira kuyezedwa. Sabata yotsatira tinasamutsira uphungu m'kachipinda kosungiramo katundu, kamene ndi kakang'ono ndiponso kotentha masana, koma kali ndi chitseko.